Akakudulani Msonkho Nkhani Sinathe: Za Fomu ya Pachaka ya ku MRA

Munthu akalandira ndalama zimene zadulidwa kale msonkho, mtima umakhala m'malo. Boma latenga zake, zatsalazi ndi zanga. Kwa amene ali pa ntchito imodzi yolembedwa, wopanda kwina kopezera ndalama, maganizo amenewa kawirikawiri amakhala olondola, chifukwa PAYE imene abwana amadula mwezi ndi mwezi imakwanira msonkho wa chaka chonse. Koma ndi angati masiku ano amene akudalira malipiro okha? Mphunzitsi ali ndi nyumba ya lendi ku Chinsapo. Namwino amakaphunzitsa pa misonkhano ya mabungwe Loweruka. Kalaliki wa ku Capital Hill ali ndi minibasi pamsewu wa ku Likuni. Kwa anthu otere, kudulidwa msonkho ndi chiyambi chabe. Lamulo limafuna kuti chaka chikatha mukhale pansi, muwonkhetse zonse zimene mwapeza, muwerengere nokha msonkho wake, ndipo muuze bungwe lotolera misonkho la Malawi Revenue Authority, MRA, pa fomu ya pachaka. Kuwerengerako kukhoza kusonyeza kuti muli ndi ngongole ku boma. Kukhozanso kusonyeza kuti boma ndi limene lili ndi ngongole kwa inu.

Mantha amene timakhala nawo tikamva za msonkho ali ndi pochokera. Atsamunda, kuyambira nthawi ya Harry Johnston m'zaka za m'ma 1890, anaika msonkho wa nyumba womwe cholinga chake china chinali kukankhira anthu ku ntchito za m'minda ya azungu. Ngakhale dziko litalandira ufulu, abambo ankathawirabe kutchire akamva kuti otolera msonkho wa mutu alowa m'mudzi, mpaka msonkhowo unathetsedwa chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndale zikusintha. Msonkho wakalewo sunkafunsa kuti mwapeza zingati. Wa lero umafunsa, ndipo woyamba kuyankha ndinu. Amene safuna kuyankha amasiyira MRA mpata woti iyerekeze yokha zimene wapeza, ndipo wotolera msonkho akamayerekeza satsitsa.

Malamulo aakulu a dziko lino, pa gawo 171, amanena kuti palibe msonkho umene ungatoleredwe popanda lamulo louloleza. Lamulo la msonkho wa zimene munthu wapeza ndi Taxation Act, ndipo kuyambira 2021 pali linanso, Tax Administration Act, lofotokoza kayendetsedwe kake: kulembetsa, kupereka mafomu, zindapusa ndi madandaulo. MRA yokha inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998 n'kuyamba ntchito mu 2000, ndipo likulu lake ndi Msonkho House ku Blantyre. Bungweli limangotolera. Woika milingo ya msonkho ndi Nyumba ya Malamulo, nduna ya zachuma ikapereka bajeti, n'chifukwa chake milingoyo imasinthasintha.

Ndalama ziti zimene zimawerengedwa

Dziko lathu limayang'ana kumene ndalama zachokera, osati kumene mwini wake akugona. Ndalama zopezeka kuchokera m'Malawi zimakhomedwa msonkho m'Malawi. Mlongo wanu amene akugwira ntchito ku Johannesburg akakutumizirani thandizo la fizi ya ana, imeneyo ndi mphatso ya pachibale ndipo siilowa pa fomu yanu. Koma mlongo yemweyo akamanga nyumba ku Area 25 n'kuikamo alendi, lendiyo ndi ndalama yochokera m'Malawi, ndipo MRA ili nayo gawo ngakhale mwini nyumba atakhala zaka khumi osaponda kuno. Pakati pa Malawi ndi maiko ena, monga South Africa ndi Britain, pali mapangano oti ndalama imodzi isakhomedwe msonkho kawiri, koma mapanganowo sachotsa udindo wouza MRA za nyumbayo.

Zolowa pa fomu ndi malipiro a kuntchito pamodzi ndi mabonasi, phindu la bizinesi, lendi, malipiro a ukatswiri monga kuphunzitsa, kumasulira kapena kupereka uphungu, makomishoni, ndi zina zotere. Pali ndalama zina zimene msonkho wodulidwa pomwepo umakhala womaliza, monga gawo la phindu limene kampani imagawira eni masheya. Zinthu zimene abwana amakupatsani pamwamba pa malipiro, monga nyumba ya kampani kapena galimoto, zili ndi msonkho wakewake umene amalipira ndi abwanawo.

Ochita geni yaing'ono ali ndi njira yawo. Mu 2021 boma linayambitsa msonkho wongoyerekeza, presumptive tax, wa mabizinesi amene zogulitsa zawo pa chaka sizinkadutsa K12.5 miliyoni, kuti wa kagolosale asavutike ndi mabuku ngati kampani. Ngati muli m'gulu limeneli, funsani ku ofesi ya MRA kuti akulembeni moyenera, chifukwa si ntchito iliyonse imene imaloledwa kulowamo.

Chilichonse chimayambira pa nambala ya wokhoma msonkho, imene aliyense amangoitchula kuti TPIN. Kulembetsa n'kwaulere. Mumafunika chitupa cha unzika, ndipo ngati muli ndi bizinesi yolembetsedwa, chikalata chake. Munthu mmodzi, nambala imodzi. Musabwereke TPIN ya mnzanu kuti mulandirire ndalama za ganyu, chifukwa msonkho umene adule ulembedwa m'dzina la mwini nambala ndipo inu simudzauonanso. Komanso musabwereketse yanu, chifukwa ndalama zonse zodutsirapo MRA idzaziwerenga ngati zanu.

Chaka cha boma, kuyambira 2022, chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi. Kale chinkayamba mu Julayi. Fomu ya pachaka imayenera kuperekedwa pasanathe masiku 180 chaka chanu chitatha. Kwa amene chaka chake chimatha pa 31 Malichi, malirewo amagwera kumapeto kwa Seputembala. Wabizinesi amene amatseka mabuku pa tsiku lina, monga pa 31 Disembala, amawerenga masiku 180 kuchokera pa tsikulo.

Mapepala

Ntchito yeniyeni ya fomuyi siichitika pa kompyuta. Imachitika m'miyezi khumi ndi iwiri ya m'mbuyo, nthawi imene mukusankha kusunga lisiti kapena kukulungiramo mtedza.

Pepala loyamba ndi P9, chikalata chimene abwana amayenera kukupatsani chaka chikatha, chosonyeza malipiro anu onse ndi PAYE yonse imene anadula. Ngati munasintha ntchito m'kati mwa chaka, mufunika awiri, ndipo kumene munachokako mukalitenge ngakhale munasiyana mokangana. Lamulo limati abwana atumize PAYE ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira. Alipo olemba ntchito amene amadula koma osatumiza, ndiye mapepala anu a malipiro a mwezi ndi mwezi asungeni, ndiwo umboni wakuti ndalamayo inachoka m'thumba mwanu.

Pepala lachiwiri ndi limene anthu amalitaya kwambiri: chiphaso cha withholding tax. Bungwe kapena kampani ikamakulipirani pa ntchito ya ukatswiri, lendi kapena katundu amene mwaigulitsa, lamulo limailamula kudula gawo lina n'kulitumiza ku MRA m'dzina lanu. Ndalama imeneyi ili ngati chikole: yakhala ku boma podikira kuti chaka chithe muwerengerane. Koma kuti iwerengedwe ngati yanu, pamafunika chiphaso chochokera kwa amene anadulayo, chokhala ndi TPIN yanu yolembedwa molondola. Chiitanitseni tsiku lomwe mukulandira ndalama. Pakapita miyezi isanu ndi itatu, akauntanti amene anakulipirani amakhala atasiya ntchito, pulojekiti itatsekedwa, ndipo wolowa m'malo mwake amangokuuzani kuti mubwere mawa.

Kenako pali zikalata za ku banki, mauthenga a Airtel Money kapena TNM Mpamba ngati alendi kapena makasitomala amalipirira pa foni, mapangano a lendi, ndi malisiti a zonse zimene munagula chifukwa cha ntchitoyo. Malisiti otuluka m'makina amafufutika msanga. Pakatha miyezi ingapo m'kabati mumapeza kapepala koyera. Ajambuleni pa foni tsiku lomwelo. Mmisiri wa m'dera amene wakukonzerani denga sakhala ndi buku la malisiti, koma mukhoza kulemba nokha kapepala kosonyeza tsiku, ntchito, ndalama, dzina lake ndi nambala ya foni, iye n'kusainira. Mapepala onsewa lamulo limafuna kuti asungidwe zaka zingapo fomu itaperekedwa, ndipo amene wasunga zaka 7 wadzitchinjiriza mokwanira.

Kuwerengera

Apa ndi pamene pali mutu wa nkhani, ndiye tiyende pang'onopang'ono. Tigwiritsa ntchito milingo ya chaka cha 2024/25, kuyambira Epulo 2024 mpaka Malichi 2025. Polemba fomu yanu, tengani milingo ya chaka chimene mukuwerengeracho, chifukwa bajeti iliyonse ikhoza kuisintha. Ndalama yosakhomedwa msonkho pa mwezi inali K45,000, mu 2020 inakwera kufika pa K100,000, ndipo mu Epulo 2024 inafika pa K150,000.

M'chaka chimenecho, pa mwezi, K150,000 yoyamba inalibe msonkho. K350,000 yotsatira inkadulidwa K25 pa K100 iliyonse. K2,050,000 yotsatira inkadulidwa K30 pa K100, ndipo zopitirira K2,550,000 zinkadulidwa K35 pa K100. Pa chaka, mungochulukitsa ndi 12: K1,800,000 yoyamba yaulere, K4,200,000 yotsatira pa 25 peresenti, K24,600,000 yotsatira pa 30 peresenti, zotsala pa 35 peresenti. Onani kuti mlingo wapamwamba umangokhudza ndalama zimene zadutsa malire. Anthu ena amadandaula kuti akawakweza malipiro alowa mu 30 peresenti ndipo azilandira zochepa kuposa kale. Sizitheka. Makwacha a m'munsi amakhalabe pa mlingo wawo.

Tiyerekeze mayi wina wogwira ntchito mu ofesi ku Lilongwe, wolandira K600,000 pa mwezi. PAYE yake inali K87,500 pa K350,000 ija, kuphatikiza K30,000 pa K100,000 yotsala, zonse pamodzi K117,500. Pa chaka analandira K7,200,000 ndipo anadulidwa K1,410,000. Zikanathera pomwepa, bwenzi palibe nkhani.

Koma mayiyu ali ndi nyumba ku Chilinde imene banja lina limalipira K150,000 pa mwezi kudzera pa foni, osadula kanthu. Pa chaka ndi K1,800,000. Anapentetsa nyumbayo n'kukonzetsa mapaipi ndi K300,000, n'kulipira K60,000 ya maleti ku khonsolo ya mzinda. Phindu la lendi latsala K1,440,000. Chaka chomwecho bungwe lina linamulemba ganyu yophunzitsa anthu kasungidwe ka mabuku, malipiro K1,000,000. Bungwelo linadula 20 peresenti, K200,000, n'kumupatsa K800,000. Pa ganyuyo anawononga K100,000 ya mayendedwe ndi kusindikiza mapepala, ndiye phindu lake ndi K900,000. Pa fomu salemba K800,000 imene inalowa m'manja. Amalemba K1,000,000 yonse, n'kuchotsa zowonongedwa, ndipo K200,000 ija imadzabwera kumapeto ngati msonkho wolipira kale.

Zonse pamodzi: K7,200,000, K1,440,000 ndi K900,000 zikukwana K9,540,000. Msonkho wake: palibe pa K1,800,000 yoyamba, K1,050,000 pa K4,200,000 yotsatira, ndi K1,062,000 pa K3,540,000 yotsala. Msonkho wa chaka ndi K2,112,000. Tikachotsa PAYE ya K1,410,000 ndi K200,000 imene bungwe linadula, mayiyu akuyenera kuwonjezera K502,000.

Mayiyu angadabwe. Lendi ya K150,000 pa mwezi si ndiyo ndalama yosakhomedwa msonkho ija? Ndipo pa ganyu si anadula kale? Yankho ndi lakuti gawo laulere limaperekedwa kamodzi kwa munthu, osati pa njira iliyonse yopezera ndalama. Malipiro ake a kuntchito anadya kale gawo laulerelo, anadyanso gawo lonse la 25 peresenti. Kwacha iliyonse yobwera pamwamba pake imagwera pa 30 peresenti, pamene bungwe lija linangodula 20. Zomwezi zimachitikira munthu wa ntchito ziwiri zolembedwa: abwana onse awiri akamupatsa gawo laulere, aliyense payekha, chaka chikatha pamapezeka ngongole.

Tsopano tiyerekeze mnyamata wa ku Zomba amene sali pa ntchito yolembedwa, amangomasulira zikalata za mabungwe kuchokera m'Chingelezi kupita m'Chichewa. Chaka chomwecho ntchito zake zonse zinakwana K4,000,000, ndipo bungwe lililonse linkadula 20 peresenti, zonse pamodzi K800,000. Pa intaneti, mayendedwe ndi kusindikiza anawononga K700,000, malisiti ali nawo. Phindu lake ndi K3,300,000. Tikachotsa K1,800,000 yaulere patsala K1,500,000, ndipo msonkho wake pa 25 peresenti ndi K375,000. Boma lasunga K800,000. Ndiye kuti K425,000 ndi ya mnyamatayu. Akapanda kupereka fomu, palibe amene adzamuimbire foni kuti abwere adzatenge.

N'zomvetsa chisoni kuti anthu a ndalama zochepa ngati mnyamatayu, amene kudulidwa kumawapweteka kwambiri, ndi amenenso amaopa kwambiri kuyandikira ofesi ya MRA. Kubwezeredwa sikuchitika msanga, tisanamizane. MRA imayamba yafufuza ziphaso zanu, imaona ngati odulawo anatumizadi ndalamazo, imaonanso ngati mulibe ngongole ina ya msonkho yoti ichotserepo, ndipo amalonda akhala akudandaula kwa zaka zambiri za kuchedwa kwake. Komabe ndalama yolembedwa m'dzina lanu ikhoza kukuthandizani kulipira msonkho wa chaka chotsatira. Amene mbiri yake ya msonkho ili bwino akhozanso kupempha chiphaso choti asamadulidwe withholding tax pa malipiro ena, ndipo chiphasocho sichiperekedwa kwa munthu amene sapereka mafomu.

Zimene mungachotse ndi zimene simungachotse

Lamulo limalola kuchotsa ndalama zimene mwawononga chifukwa cha bizinesi kapena pofuna kupeza ndalama zomwe zikukhomedwa msonkhozo, ndipo zikhale kuti zinapitadi ku ntchito imeneyo yokha komanso zinali zofunikira. Mafuta a minibasi, malipiro a dalaivala ndi kondakitala, matayala, inshulansi: zonsezi zimachotsedwa. Fizi ya ana, chakudya cha pakhomo, thandizo la pa maliro ndi zopereka pa chinkhoswe sizichotsedwa, ngakhale ndalamazo zitatuluka m'kabati ya m'sitolo. Zopereka zachifundo zimaloledwa pokhapokha zitapita ku mabungwe amene boma linawavomereza pa nkhani ya msonkho.

Pamene ambiri amapunthwa ndi pa kusiyana kwa kukonza ndi kumanga. Kusintha malata awiri odontha pa nyumba ya lendi ndi kukonza, ndipo mumachotsa chaka chomwecho. Kuwonjezera chipinda kapena kumanga mpanda wa njerwa pamene panalibe ndi kukulitsa chuma chanu, ndipo sikuchotsedwa ngati zowonongedwa za pachaka. Chimodzimodzi kugula minibasi kapena kompyuta ya bizinesi: mtengo wake suchotsedwa wonse kamodzi, koma pang'onopang'ono chaka ndi chaka, pa milingo imene lamulo linaika. Chinthu chimene mumagwiritsa ntchito pa bizinesi ndi pakhomo pomwe, monga foni kapena galimoto, gawani moona mtima ndipo lembani momwe mwagawira. Wofufuza akaona kuti mafuta onse a galimoto ya banja alembedwa ku bizinesi, amayamba kukayikira ndi zoona zomwe.

Bizinesi ikaluza, lembani kuti yaluza. Lamulo limalola kunyamula kuluzako n'kukakuchotsa pa phindu la zaka zotsatira, mpaka zaka 6, koma pokhapokha ngati munakulemba pa fomu ya chaka chimene kunachitika. Amene amati chaka chino sindinapindule ndiye palibe chokauza MRA amataya mwayi umenewu.

Kulipira chaka chisanathe

Mayi wa nyumba ya lendi ku Chilinde uja ali ndi vuto lina. Wopeza ndalama zimene sizidutsa mu PAYE sayenera kudikira kuti chaka chithe. Pali provisional tax, msonkho wolipiriratu: mumayerekeza zimene mupeze m'chakacho n'kumalipira miyezi itatu iliyonse, pasanathe masiku 25 miyezi itatuyo itatha. Kwa amene chaka chake chimayamba mu Epulo, masikuwo ndi 25 Julayi, 25 Okutobala, 25 Januwale ndi 25 Epulo. Pofika kumapeto, zimene mwalipira, kuphatikizapo zimene ena anakudulani, ziyenera kukwana 90 peresenti ya msonkho weniweni wa chakacho. Zikaperewera pali chindapusa. Kunena zoona, dongosololi limathandiza mwini wake: K125,000 miyezi itatu iliyonse imapezeka, koma K502,000 ya kamodzi mu Seputembala, mwezi womwe sukulu zikutsegulira ndipo feteleza akufunika, imagwetsa munthu m'katapila.

Kupereka fomu

Masiku ano mafomu amaperekedwa kudzera pa Msonkho Online, njira ya pa intaneti ya MRA. Mumalembetsa ndi TPIN yanu, mumalowa ndi mawu achinsinsi, mumasankha fomu ya msonkho wa zimene mwapeza ya chaka choyenera, n'kulemba manambala amene mwawerengera kale papepala. Wabizinesi amaphatikizapo maakaunti ake. Mukatumiza, sungani umboni wakuti fomu yalandiridwa, ndipo ngati pali zolipira tengani nambala yolipirira imene makinawo atulutse, mukalipire ku banki. Ndalama ya msonkho siiperekedwa m'manja mwa munthu, kaya wavala yunifolomu kaya ayi. Amene alibe kompyuta kapena wasokonezeka akhoza kupita ku ofesi ya MRA ya m'dera lake, ndipo thandizo la kumeneko ndi laulere. Musadikire sabata yomaliza, pamene aliyense akulimbirana makina omwewo ndipo netiweki ikugwaigwa.

Kulemba akauntanti kapena mlangizi wa zamisonkho n'kololedwa, ndipo kwa wabizinesi yokulirapo n'kwanzeru. Koma fomu ikaperekedwa m'dzina lanu, woyankha ndinu. Madobadoba amene amalonjeza kuti akuchepetserani msonkho chifukwa ali ndi munthu wawo m'kati amakhala atasowa tsiku limene kalata ya kafukufuku ikufika. Mawu achinsinsi a Msonkho Online musapatse munthu wotere, ndipo chilichonse chimene wina wakulemberani chiwerengeni musanavomere kuti chitumizidwe.

Kuchedwa kupereka fomu kuli ndi chindapusa chake, kuchedwa kulipira kuli ndi chake kuphatikizapo chiwongoladzanja. Ndi milandu iwiri yosiyana, choncho ngakhale ndalama zisanapezeke, fomu iperekeni pa nthawi yake, kenako kambiranani ndi MRA zolipira pang'onopang'ono. Ngongole ikanyalanyazidwa, MRA ili ndi mphamvu yolamula banki yanu kapena amene ali ndi ndalama zanu kuti alipire m'malo mwanu, ngakhalenso kulanda katundu. Ambiri amazindikira kufunika kwa fomuyi tsiku limene akufuna chiphaso chosonyeza kuti alibe mangawa a msonkho, chimene chimafunika posintha umwini wa malo kapena nyumba, pofuna kugulitsa katundu ku boma, ndi pa zilolezo zina za bizinesi. Wogula nyumba ali pakhomo ndi ndalama, inu mukuthamanga ndi mafomu a zaka zinayi.

Chinanso chimene chimagwira anthu ndi TPIN yogona. Munalembetsa bizinesi pofuna tenda, tendayo sinatheke, bizinesi inafera m'mazira. Ku MRA bizinesiyo ikadali yamoyo ndipo ikuyembekezeka kupereka fomu chaka chilichonse, ngakhale yolemba ziro. Ngati mwasiyadi, alembereni kalata kuwadziwitsa ndipo musunge kope yodindidwa.

Mukapanda kugwirizana ndi MRA

Fomu yanu ikhoza kufufuzidwa, ndipo MRA ikhoza kukana zina zimene munachotsa kapena kuwonjezera ndalama zimene ikuganiza kuti munabisa. Pamenepa muli ndi ufulu wodziwa chifukwa chake. Gawo 43 la malamulo aakulu a dziko limapatsa munthu aliyense ufulu woti ofesi ya boma imuchitire zinthu motsata lamulo ndi mwachilungamo, komanso kuti imupatse zifukwa zolembedwa pamene chigamulo chikukhudza ufulu kapena zofuna zake. Wofufuza amene wabwera pa bizinesi yanu mukhoza kumufunsa chitupa cha kuntchito. Ogwira ntchito ku MRA amalamulidwa kusunga chinsinsi cha zimene mwalemba pa fomu; sangakauze mnzanu wopikisana naye malonda kapena achibale anu. Wopempha kangachepe kuti atseke nkhani akuphwanya lamulo, ndipo mukhoza kukamunena kwa akuluakulu a MRA kapena ku bungwe lothana ndi ziphuphu la ACB.

Mukalandira chikalata chonena msonkho umene simukugwirizana nawo, lembani dandaulo kwa Commissioner General, mkulu wa MRA, pasanathe masiku 30. Kukadandaula pakamwa pa kauntala sikuwerengedwa, ngakhale ofisala atagwedeza mutu n'kunena kuti aziona. Kalatayo itchule TPIN yanu, chaka cha msonkho, nambala ndi tsiku la chikalata chimene mukutsutsa, ndipo pa mfundo iliyonse inene ndalama imene MRA yalemba, imene inu mukuti ndi yoona, ndi pepala limene likuchitira umboni. Kungolemba kuti msonkhowu wachuluka ndipo zinthu zavuta sikusintha kanthu. Tumizani makope, mapepala enieni atsale kwa inu, ndipo kope ya kalatayo idindidwe tsiku limene yalandiridwa. Gawo la msonkho limene simukulitsutsa lipireni, chifukwa dandaulo palokha siliimitsa ngongole.

Yankho la Commissioner General likapanda kukukhutiritsani, nkhani imapita ku Revenue Appeals Tribunal, bwalo lomva madandaulo a misonkho limene lamulo lina la 2021 linakhazikitsa m'malo mwa woweruza wapadera amene ankamva nkhanizi kale, ndipo kuchoka kumeneko ikhoza kukafika ku High Court. Pa sitepe iliyonse pali masiku oikika ochitira apilo, ndiye tsiku limene mwalandira kalata iliyonse ya MRA lilembeni pa envulopu yake.